Bokosi la Atcheyamani

Anabwera Lachitatu m'mawa, mwezi wa Malichi chaka cha 1991, ndili pakati popala thabwa la chitseko. Anali apolisi awiri ndi achinyamata a chipani atatu. Sanagogode, poti shedi yanga ya pa Malomo inalibe pogogoda. Wapolisi wamkulu anati, "Amisiri, sambani m'manja. Akukufunani ku boma, mubwerako masana ano." Ndinasiya thabwa lija pabenchi, pensulo ili kukhutu. Ndinabwerako patatha zaka ziwiri ndi miyezi inayi.

Sinditchula dzina la munthu aliyense. Ena anamwalira, ena ali moyo ndipo akudzidziwa. Amene anandipereka ndiziwatchula ndi udindo wawo wa nthawi imeneyo, Atcheyamani. Anali wapampando wa chipani m'dera lathu komanso mkulu wa mpingo kumene mkazi wanga amapemphera. Mnzanga amene ndinamangidwa naye ndizimutchula kuti M'bale, poti anthu a chipembedzo chake ankatchulana choncho.

Mlandu wanga unali bokosi la maliro. Kwathu munthu akamwalira, achibale amayeza mtembo ndi bango n'kubwera nalo kwa mmisiri. Masiku anayi apolisi asanabwere, M'bale anafika pashedi panga atanyamula bango, dzuwa lili pamutu. Ndinkangomudziwa nkhope. Anali mlimi wa kutsidya kwa mtsinje, wa chipembedzo chija chinaletsedwa chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Mwana wake wamkazi wa zaka zinayi anali atamwalira ndi malungo. Atcheyamani anali atalengeza kale kuti pasapezeke munthu wokakhuza malirowo, adzukulu asagwire khasu, ndipo kumanda a mudzi kusayandikidwe. Mawu awo anali akuti, "Boma lawo lakumwambalo liwakumbire manda."

Bango lija linali lalifupi, lofika m'chiuno mwanga. Muyeso umenewo ndinkaudziwa. Ndinali nditakhomapo mabokosi awiri otero a ana anga, wina chaka chino wina chaka chinacho, ndipo nditakhoma lachiwirilo ndinasiya kupemphera. Sindinakangane ndi munthu. Ndinangoona kuti kumwambako kulibe amene akumva, ndipo sindinabwererenso kutchalitchi. Choncho M'bale sindinamufunse za khadi. Ndinasonkhanitsa zidutswa za paini, n'kukhoma kabokosi, n'kukamanga panjinga. Manda tinakumba awiriwiri kumalire kwa munda wake wa chimanga, amayi a mwanayo atakhala chapatali ndi akazi ena atatu. Pobwerera ndinakumana ndi Atcheyamani pamlatho. Anandipatsa moni bwinobwino, maso ali padothi la kukhasu langa.

Kupolisi anandikhazika pansi pasimenti. Bwana wofunsa mafunso anali ndi pepala lokhala ndi mizere: dzina, mudzi, mfumu, ntchito. Zonse ndinayankha. Khadi langa la chipani ndinalitulutsa ndekha, poti ine ndinkagula chaka chilichonse ngati mmene munthu amagulira mchere. Kenako anafika pamzere wa chipembedzo.

"Mumapemphera kuti?"

"Sindipemphera, bwana."

"Ndiye kuti ndinu a kudambwe?"

"Iyayi, bwana."

"Msilamu?"

"Iyayi."

"Nanga ndilembe chiyani apa?"

"Musiyepo choncho, bwana."

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Anati chiyambire ntchito sanaonepo munthu wopanda kumene amagwada. Munthu wonena kuti alibe mpingo ndiye kuti ali nawo koma akuubisa, ndipo mpingo wobisa m'dziko muno ndi umodzi wokha. Anaitana anyamata ake kuti andithandize kukumbukira. Anandithandiza masiku atatu. Za m'chipindacho sindilemba zambiri. Khutu langa lakumanzere silimva mpaka lero, ndipo ndi lomwe linali ndi pensulo.

Tsiku lachinayi analowetsa M'bale. Naye anali atathandizidwa. Zala za dzanja lake lamanja zinali zitaloza kosiyanasiyana. Apolisi ankadana nawo anthu amenewa, koma ankadziwa chinthu chimodzi, kuti sanama ngakhale uwapanikize bwanji. Bwana uja anandiloza.

"Uyu ndi wanu?"

"Iyayi, bwana, si athu," anatero M'bale. "Bambowa sakhulupirira n'komwe kuti Mulungu aliko. Anandiuza okha tikukumba manda."

Mtima wanga unakhala m'malo. Ndinaganiza kuti basi, ndikagona kwathu. Bwana uja anaika cholembera pansi n'kutsamira mpando.

"Ndiye woopsa ndi uyu," anatero. "Enawa amaopako Mulungu wawo. Uyu amaopa ndani?"

Pamzere paja analembapo dzina la chipembedzo choletsedwacho, chifukwa pepala silikanapita kulikulu lili ndi mzere wopanda kanthu. Bwalo la milandu sitinalione. Sabata yotsatira anatikweza galimoto, unyolo umodzi anthu awiri, n'kukatisiya kundende ina m'mapiri a Dowa.

Mwezi woyamba sindinamuyankhule M'bale. Tinkagona moyandikana, tinkaphwanya miyala pamalo amodzi, koma ndikamuona ndinkamva kuwawa m'chifuwa. Munthu ndamukumbira manda a mwana wake, iye n'kundikumbira anga ndi pakamwa pake. Iye sanapepese. Ankangondisiyira nyemba zake zina, zofumbwa zomwezo, n'kumati mano ake atopa.

Tsiku lina tikuphwanya miyala ndinalephera kupirira. Iye ankagwira hamala ndi dzanja lamanzere, ndipo mwala umodzi unkamutengera nthawi ya miyala yanga itatu.

"Inu anthu ndinu ouma mitu," ndinatero. "Kapepala chabe. Mukanagula n'kukaponya m'chimbudzi, bwenzi mwana wanu ali kumanda a makolo, zala zanu zili bwino, ine ndili kwathu."

Anapitiriza kumenya mwala wake. Kenako anati, "Amisiri, tsiku lija bwanji simunangotchula mpingo wa amayi akunyumba? Dzina lanu likadalipo m'buku lawo. Akanakumasulani tsiku lomwelo."

"Likanakhala bodza."

"Mawu awiri okha. Mukanawalavula mutatuluka panja."

"Munthu sangandikakamize kunena kuti ndimakhulupirira chimene sindikhulupirira."

"Eya," anatero. "Ifenso ndi zomwezo."

Ndinabwerera kumiyala yanga nditapsa mtima kwambiri. Koma kuyambira tsiku limenelo tinayamba kucheza. Sananditembenuze ndipo sindinamutembenuze. Anayesapo kawiri, ine n'kumuuza kuti asunge mpweya wa miyala. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti ankafunsa kuti amve. Anandifunsa kuti ndimadzuka bwanji m'mawa ndikudziwa kuti ana anga sindidzawaonanso. Ndinamuuza kuti ndimadzuka poti kwacha, ndipo kuti kwa ine n'kopepuka kuvomera kuti malungo alibe maso kusiyana n'kuvomera kuti alipo wina amene ankaona n'kungokhala. Sanandiyankhe ndi vesi. Anangoti, "N'zolemera zimene mumasenza." Iye ankakhulupirira kuti akufa ali m'tulo ndipo tsiku lina adzaitanidwa n'kudzuka ndi matupi awo, padziko lomwe lino. Mwana wake ankamukamba ngati wapita kwa azakhali ake.

Ndinkamuseka nazo. "Mukadzaitanidwa mudzatuluka bwanji? Ine chivindikiro ndimakhoma ndi misomali khumi ndi iwiri, ya mainchesi anayi. Bokosi langa silitseguka."

"Ndiye langalo mudzakhome mwaulemu," ankatero, n'kuseka mpaka kutsokomola.

Chifuwacho anachitenga mu Juni 1992. Amene anakhalako ku Dowa mwezi umenewo akuidziwa mphepo yake. Kunabwera mlendo wamkulu kudzayendera ndende, ndipo tinauzidwa kuti tiimbe nyimbo yotamanda mtsogoleri. Ine ndinaimba, mokweza ndithu. M'bale ndi anzake asanu anangoima, pakamwa potseka. Mlendo atapita anawavula, n'kuwathira madzi, n'kuwaimika pabwalo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Madzi akauma ankathiranso ena. Msilikali wa ndende amene ankatunga madziwo ankati, "Muno mulibe Mulungu, muli ine." Anali munthu wokonda kuimba nyimbo za kwaya akamatiperekeza kumiyala, ndipo mawu ake anali abwino.

M'bale ankapirira ndi pemphero. Ine ndinkapirira ndi muyeso. Zaka zingapo m'mbuyomo ndinali nditaika zitseko panyumba ya Atcheyamani, ndipo anandiuza kuti ndikweze mafelemu chifukwa ankagunda mutu. Ndinawayeza ndi tepi yanga: mafiti sikisi ndi inchi imodzi. M'dera lathu lonse munalibe wina wotalika choncho. Tsiku lililonse kumiyala ndinkawapangira bokosi m'mutu mwanga. Ndinkasankha matabwa, kucheka, kupala, kulumikiza ngodya. Likatha ndinkaliphwasula n'kuyambanso. Sindichita manyazi kunena kuti chimenechi ndicho chinandisunga ndi moyo.

Anatitulutsa mu Julayi 1993, anthu atavota kuti zipani zichuluke. Bwana wa ndende anatiika pamzere n'kunena kuti, "Boma lakukhululukirani. Mukakhale bwino kunjako." Palibe amene anatiuza chimene tinalakwa. Kunyumba ndinapeza mkazi wanga atakalamba zaka khumi, shedi itagwa, zida zanga zitatengedwa ndi achinyamata aja. Mwini golosale wa pafupi nafe, Msilamu wosayankhulayankhula, ndi amene anabisa sowo yanga ndi hamala pansi pa matumba a mchere. Anandibwezera zonse ziwiri.

Chaka chotsatira boma linasintha. Atcheyamani nawo anasintha malaya, n'kukhala atcheyamani a chipani chatsopano. Kutchalitchi anali pampando wawo womwe uja. Tsiku lina anaima pashedi panga, dzanja lili kutsogolo.

"Amisiri, zakale n'zakale," anatero. "Inali nthawi yake. Tonsefe ndife ana a Mulungu mmodzi."

Dzanjalo ndinaliyang'ana mpaka analibweza. Akanati apepese, mwina nkhani ino bwenzi ili ina. Atachoka ndinapita kukafuna matabwa a mlombwa.

Sindinapangepo chinthu chokongola ngati bokosi limenelo. Ndinalipanga milungu itatu, osathamanga, monga ndinkalipangira kumiyala. Ndinalipaka vanishi katatu, n'kuika zogwirira zonyezimira. Litatha ndinaliimika pakhonde la shedi, kuyang'ana msewu umene Atcheyamani ankadutsa popita kumsika ndi kutchalitchi. Kwathu bokosi sapangiratu. Limakhomedwa bango likafika, ndipo kupangira bokosi munthu wamoyo ndi kumuitanira imfa. Dzina sindinalembepo. Anthu akafunsa kuti ndi la yani, ndinkati, "Mwini wake akulidziwa. Mafiti sikisi ndi inchi imodzi." Pofika madzulo a tsiku loyamba, Malomo yense anali atamva.

M'mawa uliwonse Atcheyamani akamadutsa, ndinkatenga kansalu n'kuyamba kulipukuta fumbi. Sindinkawayang'ana. Mankhwala ndinalibe, ndipo za ufiti sindizikhulupirira monga sindikhulupirira zinazo. Linali thabwa ndi vanishi basi. Koma iwo ankakhulupirira zonse, za kutchalitchi ndi za kwa asing'anga zomwe. Anayamba kuzungulira njira ya kudambo. Anaitanitsa mapemphero kunyumba kwawo. Ndinamva kuti apita kwa sing'anga wa ku Chisepo n'kubwerako ndi mphini thupi lonse. Anakadandaula kupolisi, koma apolisi a nthawi yatsopano anati palibe lamulo loletsa mmisiri kuonetsa ntchito yake. Pofika nthawi yokolola, jekete lawo linali likulendewera ngati lapachingwe, ndipo anthu ankati sakugona, sakudya.

Ndinkasangalala. Ndikulemba mawu amenewa mosabisa. Akazi awo anabwera kudzagwada pafumbi la matabwa, akulira kuti ndichotse bokosilo. Ndinawafunsa ngati anapita kukakhuza maliro a mwana wa M'bale uja. Mkazi wanga anasiya kundiyankhula kupatula za chakudya. Iye ankati ndasanduka chinthu chimene sanakwatiwe nacho. Ine ndinkangowerengera kuti mwina pofika mvula bango lifika.

Bango linafikadi mu Meyi 1995, koma linabwera ndi M'bale. Mlamu wake anamunyamula panjinga kuchokera kumene anatsikira minibasi, akuchokera kuchipatala cha ku Mtengowanthenga. Anali atatha, maso okha ndiwo anatsala. Ndinamukhazika pabenchi. Anayang'ana bokosi lija nthawi yaitali, n'kulisisita ndi zala zake zopindika.

"Ntchito yabwino," anatero. "Koma inu paja mumati za ufiti kulibe."

"Kulibe."

"Koma mukudziwa kuti bambo aja amakhulupirira."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mwatimvetsa bwino anthu okhulupirirafe, Amisiri. Mwadziwa pogwira."

"Musandilalikire," ndinatero. "Inu mwawakhululukira?"

Anatsokomola kaye. "Ndimayesa m'mawa uliwonse. Masiku ena zimatheka. Masiku ena ndikalephera kumanga batani la malaya, zimakanika. Ndiye ndimangozisiya m'manja mwa Mulungu, adzaweruza yekha."

"Inu muli naye wosiyira," ndinatero. "Ine ndilibe. Ndikapanda kuchita ine, palibe amene adzachite. Adzafa ndi ulemu wawo, kwaya ikuimba, ndipo zidzathera pomwepo. Mwana wanu ali kumunda ngati mbuzi."

Ndinaganiza kuti anditsutsa. Anangogwedeza mutu pang'onopang'ono. "Zimenezo sindinaziganizepo," anatero. "Ndamva. Kukhala inu, mwina nanenso bwenzi nditatero." Kenako anatenga bango limene linali litatsamira benchi n'kundipatsa. "Adokotala ati ndikapumulire kunyumba. Tanthauzo lake mukulidziwa. Ndati ndibwere nalo ndekha, asadzavutike ena. Ndikufuna bokosi ili."

"Ndikupangirani lina. Loposa ili."

"Ndikufuna ili."

"Ndi lalitali kwa inu."

"Sowo muli nayo."

Ndinamuuza kuti ndi wakuba. Ndinati anandimangitsa ndi choonadi chake, ndipo lero wabwera kudzandilanda chinthu chimodzi chokha chimene ndinatuluka nacho kundende. Ndinati akufuna kupulumutsa munthu amene anamuthyoletsa zala, pogwiritsa ntchito mtembo wake womwe.

"Za bambo aja ndilibe nazo ntchito kwenikweni," anatero. "Koma akafa ndi mantha a bokosi ili, mudzakhala mutapha munthu. Inu mulibe kokatula. Mudzasenza nokha mpaka kufa, pamwamba pa zomwe mwasenza kale. Ine ndinagona pambali panu zaka ziwiri, ndikukudziwani."

Ndinatembenuka n'kuyamba kupala thabwa. Mlamu wake anamukweza panjinga, ndipo bango linatsala pabenchi.

Anamwalira patatha milungu itatu, Loweruka m'mawa. Uthenga utafika ndinakhala pashedi pafupifupi ola lathunthu, ndikuyang'ana matabwa a paini amene ndikanatha kukhoma bokosi lina tsiku lomwelo. Kenako ndinagoneka bokosi la mlombwa pabenchi, n'kuika bango pamwamba pake. Bokosilo linapitirira ndi mainchesi asanu ndi awiri. Ndinadula ndikutukwana, ndipo misozi inkagwera pamzere wa pensulo.

Ulendo uno adzukulu anakumba, kumanda a mudzi, ndipo anthu anadzaza. Ena mwa iwo ndi omwe aja anatseka zitseko zawo tsiku la maliro a mwana wake. Atcheyamani anabwera n'kukhala kumapeto, pansi pa mtengo. Anaona bokosi lawo likudutsa pamapewa a anthu, lili ndi mwini wina. Pofika nthawi yobzala anali atayambanso kunenepa. Ali moyo mpaka lero, ndipo amadutsa pamsewu womwe uja.

Sindinawakhululukire, ndipo sindikuganiza kuti ndidzatero. Akandipatsa moni ndimapitiriza kupala. Matabwa ena a mlombwa ali kudenga la shedi, okwanira bokosi la mafiti sikisi ndi inchi imodzi. Kangapo ndawatsitsa n'kuwabwezeranso. Anthu amati tsopano tili pa ufulu. Ufulu umene ndauona ine ndi wakuti anzake a M'bale amayenda ndi mabuku awo masana, ndipo ine ndikafunsidwa za mpingo ndimati ndilibe, wofunsayo n'kungodabwa osaitana anyamata. Si waung'ono. Koma munthu amene anatipereka sanaimepo pabwalo lililonse, ndipo bwalo lokhalo limene ndinamukonzera analitenga mnzanga n'kupita nalo pansi.

Tsiku la maliro, abale atatha kuona nkhope, anandiitana kuti nditseke bokosi. Ndinali ndi misomali khumi ndi iwiri m'thumba monga mwa nthawi zonse. Sindikhulupirira kuti M'bale adzaitanidwa. Ndikudziwa chimene chimachitika ndi thupi pansi pa dothi, ndipo maganizo anga sanasinthe. Koma ndinabweza misomali ija m'thumba, n'kutenga ing'onoing'ono inayi, ya inchi imodzi ndi theka, umodzi pangodya iliyonse. Mkulu wa adzukulu anandinong'oneza kuti, "Amisiri, yachepatu imeneyo, chivindikirochi sichigwira."

Ndinamuuza kuti achisiye choncho. Mwini wake dzanja lamanja siligwira ntchito, adzakankha ndi limodzi.